Shuga Wotsiriza

Folo koloko masana, mdima wagwa kale pa Dundee.
Mphepo ya kumtsinje wa Tay ikugogoda pazenera la labu
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Ine ndili m'chipinda chozizira, zala zachita dzanzi,
ndikuduladula chiwindi cha nkhumba
chomwe a Strachan abwera nacho m'mawa kuchokera kophera nyama,
chitakwiriridwa m'ndowa ya madzi oundana.

Ndikusaka antchito osaoneka ndi maso.
M'mabuku amati maenzaimu.
Ine ndikawaganiza ndimaona mayi anga aang'ono, a Nasibeko,
atakhala pakhonde ku Ntcheu, singano pakamwa,
mikanda ili m'chivindikiro cha botolo.

Puloteni imabadwa yamaliseche,
ulusi wopindikapindika wopanda chozindikiritsa.
Kenako imalowa m'timatumba ta m'selo,
tosanjikizana ngati mbale zotsukatsuka,
ndipo m'kathumba kalikonse muli wina akudikira
ndi kashuga kamodzi m'manja.
Kapitawo kulibe. Pulani palibe anaionapo.
Aliyense amangopapasa pomwe mnzake walekezera,
pakakhala poyenera alumikiza kake,
basi, aitaye ipite.
Uyu galakitozi, uyo fyukozi.
Mkanda womwewo, mfundo yomweyo, mpaka imfa.

Amene ndikumufuna ine ndi wakumapeto kwa mzere,
woika kashuga kapansonga.
Kakakhalapo, puloteni imayenda m'magazi momasuka,
kudutsa mumtima, m'mapapo, m'nsonga za makutu,
popanda woifunsa kwawo.
Kakangothothoka, chiwindi chimaizindikira,
n'kuikoka pamzere mwakachetechete.
Sichikalipa. Sichida aliyense.
Chimangoona kuti pansonga palibe kanthu.

M'thumba la jekete langa muli kalata
yomwe ndaipinda kanayi, ndaitambasula kasanu:
chitupa changa chokhalira kuno chitha pa naini Malichi.

Makina opukusa akulira ngati ndege yokanika kunyamuka.
Ndimatsanula, ndimasefa, ndimadonthezera m'timachubu
makumi anayi, ndipo kamodzi ndikagwetsa.
A Strachan asuzumira atavala kale chipewa:
“Mwatitha, manambala adzulo aja ndi okongola.
Pita ukagone.”
Ndingomwetulira. Za kalata sindinawauze.

Cha m'ma leveni pepala lituluka m'makina
ndipo mzere womwe unkakwawa miyezi isanu ndi iwiri
wadzuka, waima chilili.
Alimo. M'madzi otuwa awa alimo,
akugwirabe ntchito, nkhumba yake itafa dzulo,
akumangirira mkanda pa ulusi
womwe sudzafika m'magazi a aliyense.

Ndizimitsa magetsi.
Pa Hawkhill basi yomaliza yandisiya,
ndiye nditsika wapansi, manja m'thumba,
chala chikusisita m'mphepete mwa kalata ija.
A Nasibeko ankati mkanda wotsiriza
sukongoletsa kuposa anzake,
koma ukausiya osamanga bwino
umatolera yonse m'fumbi.

Mawa ndidzawauza a Strachan.
Lero ndilembe kaye tsiku pabotolo,
ayi, ndaiwala kulemba tsiku pabotolo.
Ndibwerera, kukwera chitunda, mphepo ili kumaso.