Makalata a Mayi Ermelinda

Ndinalowa m'nyumba ino mu Febuluwale,
nsanja yachitatu, msewu wa Bonjardim, mumzinda wa Porto.
Anandipatsa makiyi atatu.
Kakang'onoko n'ka bokosi la makalata pansi pa masitepe,
pomwe dzina likadali lomata ndi tepi yofiirira:
Ermelinda Valadares.

Mayiwo anatisiya Khirisimasi isanafike,
koma a magetsi uthenga wa maliro sanaumve.
Dokotala wa maso akuwadikirabe Lachinayi.
Ogulitsa mbewu za maluwa akuwatumizira mitengo yatsopano.
Banki ikuwatchabe okondedwa.

Ndinafunsa Telmo wa positi
atausa pakhomo, mvula ikudontha pachipewa chake.
Iye anati, musatsegule, si zanu.
Lamulo silifunsa ngati mwini kalata akupuma,
ndipo imfa simatula envelopu.
Ngati achibale alipo, nkhani ndi yawo.
Ngati simukuwadziwa, lembani kunja kuti anamwalira,
mundipatse, zibwerere komwe zachokera.

Ndinatero masabata asanu ndi awiri.
Pochoka ku bekale m'bandakucha, ufa uli mbuu m'zikhadabo,
ndinkakhala patebulo n'kumalengeza maliro
a munthu yemwe sindinamuonepo.
Chomwe ndimadziwa cha iwo ndi msomali
umene anaukhoma mmunsi kwambiri m'khitchini.
Anali aafupi, basi.

Ndiye mu Epulo kunabwera ina.
Yolemba pamanja, inki yabuluu,
zilembo zonjenjemera ngati zalembedwa m'basi,
sitampa ya ku Luxembourg yomata mopendekera.
Kumbuyo: Horácio Pimentel.
Pakona panali kanthu kolimba,
kaya batani, kaya njere, kaya mphete.

Ketulo inali kuwira.
Nthunzi imadziwa kunyengerera guluu,
ndipo m'nyumba munali zii, ine ndi firiji yokha.
Akanandiona ndani?
Mwini nyumba amakhala ku Braga.
Telmo sawerenga zomwe wasiya.
Mayi Ermelinda ali ku manda a Agramonte,
sangakwerenso masitepe awa.
Ndinati mwina muli dzina la mwana wawo,
mwina ndikatsegula ndithandiza.
Mtima ukafuna kuba umayamba wavala zachifundo.

Ndinaigwira pamwamba pa nthunzi
mpaka kona imodzi inayamba kudzuka.
Kenako zala zinapsa, kapena ndinene kuti ndinachita manyazi.
Ndinaipsinja ndi chala chachikulu, n'kuitsamiritsa mbale.

Koma kulemba liwu lija pa iyi kunandikanika.
Banki ilibe chifuwa choti chibanike.
Uyu akatola kalata yake yomwe pakhomo,
nadzamva za imfa kuchokera ku bolopeni ya mlendo,
ataima, mwina atanyamula mkaka.

Lamulo linanditsekera envelopu,
silinanditsekere dzanja.
Ndinatenga pepala langa.
Bambo Pimentel, simundidziwa.
Ndimagona m'chipinda chomwe ankagona.
Khalani pansi musanapitirize.
Ndinawauza tsiku, monga anandiuzira oyandikana nawo,
ndinawauzanso za msomali uja,
kuti ndimapachikapo thaulo mowerama.
Kalata yawo ndinaiika mkati mwa yanga,
yomata, kona imodzi yokha itakwinyika.

Meyi anadutsa. Juni anafika ndi fungo la nsomba zootcha m'misewu.
Lolemba lina Telmo anagogoda m'malo moponya m'bokosi.
Iyi ndi yanu, anatero, mutha kung'amba.
Graciete Lousada, inki yabuluu.
Aka kanali koyamba dzina langa kufika pakhomo lino
popanda ngongole kumbuyo kwake.

Munali mizere inayi.
Zikomo pondikhazika pansi.
Kalatayo ndinailemba zaka makumi atatu ndi zinayi,
ndinaiponya mochedwa ndi miyezi inayi.
Ili pano pawindo, sindinaitsegule. Si yanga.

Tepi ya pabokosi yayamba kumatuka yokha.
Dzulo ndinagula ina,
ndinamata dzina langa pansi pa lawo.