Zala Ziti?

Makiyi apadera a minibasi ali m'kachitini ka Nangondo,
pansi pa mabatani ndi singano.
Iye amayesa sindidziwa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndinkadzutsa Area 25 ndi hutala,
kutsetsereka Kanengo, kudutsa pa 18,
kulowa m'depoti fumbi lisanadzuke.
Dzenje lililonse ndinkalidziwa ngati m'bale.
Mbuzi yofuna kudumpha msewu ndinkaizindikira
iyo isanaganize n'komwe.

Za tsikulo musandifunse.
Akuti lole ya njerwa. Akuti kunali mvula.
Ine ndinangotsitsimukira ku Central,
mutu atausoka ngati thumba la chimanga,
ndikukalipira kondakitala wanga Dzikolidaya
kuti bwanji sakutolera ndalama kwa odwala.

Bala linapola, tsitsi linamera.
Mapazi akukumbukabe kilatchi ndi buleki,
dzanja limasintha magiya m'bulangete usiku.
Koma dokotala anaimika zala kumanzere kwanga
nati, zingati?
Ine ndinati, zala ziti?

Dziko lakumanzere linasamuka osatsanzika.
Mphuthu ya chitseko imandimenya phewa.
Kapu ya tiyi ndimaisaka ili pomwepo.

Lamulungu lina, onse ali kutchalitchi,
ndinavundula mabatani aja.
Injini inandilonjera ndi mawu ake akale,
ndinatsala pang'ono kulira.
Pabwalo la sukulu panalibe munthu,
ndimo ndinaonera ine.
Ndinazungulira kamodzi. Kawiri.
Kachitatu kunamveka mfuu.

Kamnyamata, kabudula wong'ambika,
kataima mkono umodzi kuchokera pa tayala,
ndodo ya chiwongolero idakali m'manja,
galimoto yake yamawaya itaphwatalala pansi panga.
Sikanalire ayi.
Kanangondiyang'ana ngati wapolisi wapamsewu,
nkuti, adala, simuona?

Ndinabwerera wapansi.
Minibasi anakaitenga Dziko madzulo, osafunsa kanthu.

Tsopano ndimakhala pampando wa pasenjala.
Akabaza amatulukira pomwe panalibe kanthu,
phokoso la pa Mchesi limandisokoneza ngati njuchi m'chigaza,
phazi langa limaponda buleki yomwe kulibe.
Dziko amayendetsa bwino, kungoti amachedwa kusintha giya.
Ndimadziluma lilime.

Dokotala akuti ndipitenso mvula ikagwa,
akandiyesenso zala zija.
Sanalonjeze.

Nangondo anapeza mabatani atasokonekera.
Sanandikalipire, sanabisenso kwina.
Anangonyamula kachitini kaja
nkukaika poyera, patebulo,
kumanzere kwanga.