Kalata ya Pansi pa Tebulo

Tinapempha mamiliyoni makumi anayi.
Kalata inabwera ndi asanu ndi awiri basi,
ndi mawu oti tiyesetse.
Ndinaipinda kanayi
n’kuilowetsa pansi pa mwendo wa tebulo
lomwe lakhala likugwedera chiyambire ine ntchito.
Tebulo linakhazikika.
Kukonza laibulale kunayambira pamenepo.

Che Swaleyi a ku Mpondasi anabwera pa kabaza,
sowo atakulunga m’thumba la simenti.
Pulani ya akatswiri sanaiyang’ane n’komwe.
Anayenda m’mashelefu akugogoda ndi chala
ngati munthu wosankha chivwende pamsika:
thabwa ili chiswe chinamaliza,
ili likadali moyo,
ili ndi la mlombwa, mayi,
mlombwa sataya ngakhale utada bwanji.

Mabuku tinatulutsa pamanja,
ophunzira atandanda kuchoka pakhomo mpaka ku holo,
malamulo, zaulimi, masamu, kupatsirana ngati njerwa.
M’buku lina la zamankhwala munagwa kapepala:
Asiyatu, ndidikire pa geti ikakwana folo.
Inki itafwifwa. Mzere wonse unaima kuseka,
wina n’kufunsa ngati Asiyatuyo anadikiradi.

Mileme ya m’denga sitinaiphe.
Tinadikira ituluke kukasaka,
Nasibu n’kukwera ndi tochi kukamwa
kukatseka mipata ndi waya wa sefa.
Ndowe zake, matumba asanu ndi limodzi,
zinapita ku dimba la alonda.
Akuti mpiru wake chaka chino ndi wina.

Makina oziziritsa mpweya
anathera pa kotesheni.
M’malo mwake tinaboola khoma chakumtunda,
kum’mwera ndi kumpoto,
kuti mphepo izilowa osagogoda
n’kutuluka ndi thukuta la Okutobala.
Siling’i tinayala mikeka
yoluka Abiti Mdoka ndi anzawo ku Chimwala.
Atabwera kudzatenga ndalama anayang’ana kumwamba nthawi yaitali:
moyo wanga wonse anthu amaiponda,
lero ili pamwamba pa mitu ya ophunzira?

Malata awiri oonekera, dzuwa likuwerenga nafe.
Malata akale, mthunzi wa njinga.
Zitseko zinayi zothyoka mahinjesi
tsopano ndi madesiki; limodzi likadali ndi bowo la kiyi
ndipo anyamata amaimikamo bolopeni.
Misomali yopindika Nasibu ankaiwongola pamwala,
imodziimodzi, m’chitini cha mkaka,
mpaka chikhadabo chinachita bii.
Penti inatikanika. Laimu sanatikane.

Sindinama, zina sizinatheke.
Pakona ya kuzambwe pamadonthabe ikabwera ya mkuntho,
ndowa yobiriwira imadziwa malo ake.
Sola imakwana mababu anayi ndi masoketi awiri,
ndipo pa masoketipo pamabuka milandu
yoposa ya m’mabuku a malamulo.
Chikwangwani chapakhomo chinatayika zilembo ziwiri.
Tidzagula.

Koma dzulo magetsi atazima tauni yonse,
azana ya usiku ikumveka kutsidya kwa Shire,
ndinapeza mtsikana wa chaka choyamba
pa desiki la bowo la kiyi,
nsapato atavula, mapazi pasimenti yozizira,
milomo ikuyenda ndi chala pa tsamba.
Sanandimve ndikugwedeza makiyi.
Ndinakhala pansi. Ndinamudikira.

Tsiku lomaliza Che Swaleyi anagwada
kuti akonze mwendo wa tebulo langa lija.
Ndinati ayi, usiyeni.
Kalatayo ikugwira ntchito.