Ngolo Pageti

Ngolo ya amayi imadzuka mabasi akali mtulo.
Imatsika zitunda za Barreiro tayala limodzi likulira,
makatoni atasanjikizana kuposa msinkhu wawo,
zitini zikugundana m'thumba ngati mano a munthu wozizidwa.
Ine ndinkadzera kuseri kwa tchalitchi
kuti tisakumane ndili mu yunifomu.

Cleiton anandipatsa dzina: Kachitini.
Linandimatirira ngati chingamu kunsi kwa desiki.

Mu Malichi aphunzitsi a Neuza anabweretsa migolo inayi,
wabuluu, wofiira, wobiriwira, wachikasu,
ndi bokosi lamatabwa loika pansi pa mtengo wa mango.
Anati, kuyambira lero sukulu ino sitaya kanthu.
Tinaomba m'manja.
Tinajambula dziko likumwetulira.

Patatha milungu itatu bokosi linayamba kuyankhula.
Fungo linalowa m'kalasi osaodira
n'kukhala pabenchi yakutsogolo,
ntchentche zinalembetsa sukulu ndi abale awo onse,
a Odete akukhitchini analumbira kuti asiya ntchito.
Tinali titathiramo chilichonse:
mpunga ndi nyemba zotsala, msuzi, mafupa a nkhuku,
ngakhale siwiti ya wina ili m'pepala lake.

"Ndani akudziwa munthu wozidziwa zinyalala?"
Cleiton anatembenuka.
Kalasi yonse inatembenuka.
Ine ndinawerenga misomali ya padesiki. Inalipo isanu ndi umodzi.

Lachinayi ngolo inaima pageti.
Amayi sanavale za kutchalitchi monga ndinawapempha.
Anabwera ndi magolovesi aja obooka pachala chachikulu,
anapisa dzanja m'bokosi mpaka m'chigongono,
ananunkhiza, napukusa mutu:
"Mwachimiza ichi. Chikufuna kupuma.
Mafupa ndi mafuta ayi.
Makoko a nthochi inde, a mazira inde,
ndi khofi wotsalira musefa ya aphunzitsi.
Mukathira chonyowa dzanja limodzi, chouma manja awiri:
masamba mukusesawa, utuchi wa kwa kalipentala.
Lolemba lililonse muzichitembenuza
monga mutembenuzira wodwala, mwaulemu."

Kenako anakhuthula mgolo wofiira pansi.
Manja awo sankafunsa maso:
botolo kuno, chivindikiro uko,
pepala lamafuta ili lafa kale, musalivutitse.
Ananyamula chitini chimodzi, nachiyesa m'chikhatho.
"Chokha sichilemera.
Zikakwana makumi asanu ndi awiri, sikelo imadzuka.
Makope a Dalva amachokera m'menemu."

Dzina langa linagwa pakati pa bwalo
n'kugubuduzika.
Palibe anaseka.
Aphunzitsi ankalemba mofulumira, lilime lili pakona ya mlomo,
ngati mwana woopa kutsalira.

M'nyengo yozizira bokosi linafunda m'kati
ngati pansi pa nkhuku yofungatira.
Tinkasinthana kuotha zala pa nthawi yopuma.
Nyongolotsi zinabwera zokha, sitinazitumire kalata.
Pofika Seputembala mango wovunda, makoko, ndi manyazi athu aja
zinali dothi lakuda
lonunkhira mvula yoyamba isanagwe.

Tinabzala kabichi ndi anyezi.
Nkhono zinadya theka usiku umodzi.
Theka linalo a Odete analidulira m'nyemba
ndipo aliyense analumbira kuti akumva kukoma kwa tsamba lake.

Mgolo wosayenera umalandirabe zolakwika.
Ajumbo amaulukabe n'kukodwa pawaya wa mpanda.
Cleiton amanditchabe Kachitini,
koma Lachisanu amabwera ndi thumba la zitini za kubala la bambo ake
n'kulisiya pageti osandiyang'ana.

Dzulo ndinadzera msewu waukulu.
Ndinaimva isanaoneke, tayala lija.
Mako ndi mako, ngakhale ngolo yake ilire.
Ndinaika chikwama pamwamba pa makatoni
n'kukankha ndi phewa,
malaya oyera akuda mbali imodzi.
Amayi sanatembenuke.
Anangoti, "Kumanzere kuli dzenje,"
ndipo tinakwera chitunda.