Nembanemba

Folo koloko m'bandakucha, Grimsby ali m'tulo.
Mphepo yochokera kudoko ikununkha mchere ndi dizilo.
Ndakhala m'chipinda nambala 9, buku pamwendo,
a Thackray akupuma ngati munthu wokwera chitunda
atasenza thumba la eni.

Mayeso ndi Lachinayi. Tsamba 41:
selo lililonse m'thupimu lili ndi nembanemba yake,
yopyapyala moti utasanjikiza zikwi khumi
ndiye wangofika pa pepala ndagwirali.
Mafuta, mizere iwiri,
mitu yokonda madzi, michira yowaopa,
mitu kunja, michira pakati,
monga tinkagonera ana asanu ndi mmodzi ku Bilila,
bulangete limodzi, mapazi kugundana usiku wonse.

Si khoma ayi, anatero aphunzitsi akupukuta magalasi.
Khoma silisankha.

Mpweya suodira, umangolowa ngati mwana wapakhomo.
Madzi ali ndi tinjira tawotawo.
Koma shuga amaima pachipata cha mnofu, chipewa m'manja,
kudikira insulini akamunenere mawu,
yomwe ija Rukhsana anawabaya a Thackray pamimba madzulo
iwo akutukwana timu yawo ya mpira.

Mzere umenewu ndikuudziwa.
Ndinaimapo ku Manchester, pasipoti itanyowa thukuta,
mnyamata wa kuseri kwa galasi akuyang'ana chithunzi, ine, chithunzi.
Ine ndinadutsa. Ndalama zimadutsa mwezi ndi mwezi, pafoni,
osavula ndi nsapato zomwe.
Mwandida, zaka zisanu ndi zinayi, sanadutse.
Kalata yake ili m'bukumu, ndi imene ndimasungira tsamba.

Ndime yotsatira ndi ya mpope.
Sodiyamu atatu kunja, potaziyamu awiri mkati,
atatu kunja, awiri mkati,
kukankhira mchere kumtunda kumene sufuna kupita,
usana, usiku, pa Khirisimasi,
popanda womuwombera m'manja.
Mtima kuti ugunde, chala kuti chimve kutentha kwa kapu,
wina wake ali pashifiti, akutunga.

Ndaseka ndekha.
Atatu kunja, awiri mkati:
lendi, basi, fizi. Ndani anawaonetsa pepala la malipiro anga?

A Thackray atsegula maso.
Zaka makumi atatu anagwira nsomba kunyanja yozizira ya kumpoto,
anandiuza tsiku lina ndikuwameta
kuti sitima ndi chitsulo chochepa ngati chikhatho
pakati pa iwe ndi madzi onse a dziko lapansi,
ndipo madziwo satopa.
Umapopa basi, mwanawe. Umangopopa.

Lero sakunena kanthu.
Mapazi atupa, ndikadina chala dzenje likutsala.
Ndawanyowetsa milomo ndi kathonje.
Andigwira dzanja, khungu lawo ngati pepala lonyowa,
langa louma ndi sopo wa pano,
ndipo kutentha kwadutsa, kuchoka kwa ine kunka kwa iwo,
osafunsidwa chiphaso.

Bukuli silitchula imfa.
Limangoti mphamvu ikatha mpope umaima,
mchere umabwerera mwakachetechete,
madzi amautsatira,
mpaka mkati ndi kunja zifanane.
Kufanana! Mawu amene ndakhala ndikuwapempherera.
Kani moyo ndi kusiyana kochita kugwirira ntchito,
mpanda wodziwa kutseguka.

Sindikudziwa chochita nacho chimenechi.
Pamayeso sadzafunsa.

Kwayamba kuyera. Mbalame za kudoko zayamba kukangana padenga.
Pawindo pachita mame, mbali yathu ino,
ndalembapo M ndi chala, wayamba kale kutsetsereka.
A Thackray akadapuma.
Ndalemba m'faelo: 05:40, amwa madzi masipuni awiri.
Kenako ndapita kukadina manambala anayi a pachitseko
kuti a shifiti ya m'mawa alowe.