Kiyi wa Sitolo Yakale

Tinkangopempha chipinda chimodzi.
Sitinatchule nsanjika kapena magalasi,
chipinda chabe, cha chitseko chotsekeka,
poti ng'oma ya Asiyatu izigona
m'malo mwa kunsi kwa bedi ku Chikanda
kumene chinyontho chinkaidya pang'onopang'ono
ngati katapila.

Mayina tinatolera mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
Bolopeni inathera pa dzina la Vitumbiko,
anamalizitsa ndi pensulo ya nsidze ya mnzake.
Ena anakana: "Ine ndinadzera digiri,
zovinavina ndinazisiya kumudzi."
Sitinawakwiyire. Nafenso tinali ndi mayeso Lolemba.

Ku ofesi anatilandira bwino,
anatipatsa mipando, natifunsa m'Chingerezi
kuti chikhalidwe chimafuna malo a mamita angati.
"Komiti ikhala pansi."
Inakhaladi pansi, teremu yonse, osadzuka.

Ndiye nafe tinakhala pansi,
pamasitepe a laibulale, masiku asanu ndi anayi.
Nkhungu inkatsika m'phiri m'bandakucha
n'kutipeza tafunda chitenje chimodzi anthu atatu.
Mandaaliza ankatiphunzitsa kuwerenga zala m'Chilomwe,
ine ndinkalakwitsa, iye n'kumaseka mpaka kutsokomola.
Mayi wa zitumbuwa wa ku Chinamwali
ankatikongoza osalemba paliponse.
Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatsala pang'ono kuthawa
bambo anga atandiimbira foni:
"Ndinagulitsa mbuzi kuti uzikakhala pakhonde?"
Ndinalibe yankho. Mpaka lero ndilibe lokwanira.

Kenaka kiyi.
Anam'tumiza ndi mesenjala, mu envelopu, popanda mawu.
Sitolo yakale kuseri kwa labu:
mipando yothyoka miyendo, mileme, fungo la mankhwala a chiswe.
Kiyiyo anakana kupotoka, loko anali atachita dzimbiri.
Alonda, a Likoswe, anayang'ana uku ndi uku,
natola mwala.

Tinasesa mpaka mdima.
Ng'oma itafika inali yozizira,
chikopa chitalobodoka, mawu mulibe.
Nkhuni panalibe.
Asiyatu anatsegula fayilo,
natulutsa makalata onse otiuza kuti tidikire,
nawayatsa pakhomo, naiwamba pamoto womwewo,
akuigogoda ndi chala, khutu atatchera.

Pachitseko palibe chikwangwani mpaka pano.
Tikukanganabe za dzina
ndi chiyankhulo choti tililembemo.