Usiku Umodzi ku Buxton

Sitima ya ku Stockport inakwera mapiri ili wefuwefu,
nkhosa zitangoti njo m'mvula, osatiyang'ana n'komwe.
Ndinatsika ndi kachikwama kamodzi
ndi msana umene wanyamula nkhalamba khumi ndi zinayi sabata ino.

Kanyumbako kali kumtunda, kuseri kwa tchalitchi cha miyala yakuda.
Mayi Fumie anatsegula ndisanagogode.
Maso awo anatsikira kumapazi anga,
ine ndinamva, ndinavula nsapato zoyera zija za kuntchito,
chala chachikulu n'kusuzumira pachiboo cha sokosi.
Anawerama, nazitembenuza nsapatozo kuti ziloze kukhomo,
ati mawa zisadzasowe njira.

M'chipinda munalibe bedi, munalibe mpando.
Mkeka wolukidwa mothina, fungo la dambo mu Julaye,
kathebulo kolekeza m'mawondo,
kanthambi kamodzi m'botolo, kopanda ndi duwa lomwe.
Ndinaseka chamumtima:
mapaundi onsewa kuti ndigone pansi,
ine wowoloka nyanja pothawa kugona pansi!

Anandipatsa mwinjiro wa buluu.
Nditaukulunga, anandigwira dzanja msanga.
"Kumanzere kukhale pamwamba.
Mwavaliramu kwathu timaveka omwalira."
Sindinawauze za Lachiwiri,
kuti Mayi Ollerenshaw a m'chipinda chachisanu ndi chinayi
ndinawapesa ndine, atazizira kale,
mwana wawo adakali pamsewu wochokera ku Leeds.

Madzi ndi a pachitsime cha m'tauni.
Amatumphuka ofunda ngati mkaka wongokama kumene,
iwo amatunga m'zigubu, nawonjezera moto.
Kwawo, ati, kumapiri a chipale,
nthaka imawiritsa yokha,
mudzi wonse kununkha dzira, misewu kufuka nthunzi.
Anachokako zaka makumi atatu zapitazo kutsata mwamuna
amene tsopano ali pachithunzi, pambali pa lalanje limodzi.
Ndinati nafenso tili nawo mawira ku Liwonde.
Anayesa kutchula: ma-wi-ra.
Linawakhala bwino pakamwa.

Lamulo lake n'lakuti usambe kaye,
utakhala pakampando, ndi kabeseni ka thabwa,
sopo yense atsike, kenako ulowe.
Enawo si madzi osamba, ndi madzi okhalamo.

Chigongono changa chinatsogola chokha kukayesa kutentha,
monga chichitira m'mawa uliwonse chifukwa cha khungu la eni.
Ndinaima choncho, wamaliseche, chigongono m'madzi,
kudikira wina woti ndimufunse ngati sakuwotcha.

Ndinamira mpaka m'khosi.
Thabwa linanunkhira, zenera linachita thukuta.
Mawondo analankhula, chiuno chinayankha,
mapewa amene ndinkayesa kuti ndinabadwa nawo m'makutu
anatsika pang'onopang'ono.
Khutu lokha linakana tchuthi,
linali tcheru kudikira belu.
Belu silinalire.
Ndani anandithirapo madzi kumsana komaliza?
Ndinawerenga zaka chobwerera mpaka zala zinachita makwinya,
ndipo zimene zinatsika m'masaya
tingoti inali nthunzi.

Chakudya chinabwera m'timbale tosawerengeka,
chilichonse kangachepe:
kansomba kowotcha, dzira lonjenjemera,
msuzi wa mchere, timasamba towawasa.
Timitengo tiwiri tinandigonjetsa katatu.
Mayi Fumie anasuzumira kukhomo, panalibe mlendo wina,
anaika tawo pansi
natola nsomba ndi zala, tonse awiri.

Pobwerera ndinapeza atayala kale.
Pansi panandilandira osafunsa kumene ndinali.
Mphepo inkakanda denga, mpope unkadontha kwinakwake,
ndipo palibe anandiitana ndi dzina lolakwika
usiku wonse.

M'mawa nsapato zinali zouma, atazitsendera nyuzipepala.
Sokosi zinali pamwamba, zopindidwa,
chiboo chija atachisoka ndi ulusi wofiira,
wokhawo umene anali nawo, ati, pepani.
Ndinasowa mawu m'zinenero zonse zitatu.
Anawerama, ndinawomba m'manja mwakachetechete.

Lolemba m'chipinda chija mwalowa munthu watsopano,
bambo wamtali woopa madzi.
Ndamukhazika pampando, ndayamba ndi mapazi.
M'nsapato yamanzere
kamfundo kofiira kakundikhudza chala
ndikangoponda.